Kusanja ndi Kusefa Deta: Chigamulo Chilichonse Chizilembedwa

Inu amene ntchito yanu ndi yosunga ndi kuwerengera zinthu pa kompyuta, nambala iliyonse imene imafika patebulo la mkulu wa ofesi imakhala itadutsa m'manja mwa munthu amene anachita zinthu ziwiri. Anachotsa mizere ina, ndipo yotsalayo anaiika m'ndondomeko. Kuchotsako timati kusefa, kuika m'ndondomekoko timati kusanja. Ntchito ziwirizi zimaoneka zazing'ono, moti kawirikawiri zimasiyidwa m'manja mwa wamng'ono wa mu ofesi, ndipo palibe amafunsa kuti anazichita bwanji. Komatu ndi pamenepa pamene pagona chigamulo chenicheni. Wosefa amagamula kuti ndani awerengedwe ndipo ndani asiyidwe. Wosanja amagamula kuti ndani aoneke pamwamba, pamene maso a wowerenga amayambira ndiponso pamene nthawi zambiri amathera. Mfundo imene ndikufuna kuiteteza lero ndi imodzi. Chifukwa chachikulu chophunzirira kusanja ndi kusefa deta polemba malamulo mu shell n'chakuti zigamulo zimenezi zimakhala zolembedwa. Munthu wina akhoza kuziwerenga, kuzibwereza mawa, ndiponso kuzitsutsa. Liwiro limene anthu ambiri amaitamandira nalo shell lilipodi, koma limabwera pambuyo pa zimenezi.

Kwa amene simunaigwiritsepo ntchito, shell ndi pulogalamu imene imadikira kuti mulembe lamulo pa kiyibodi, n'kulichita, n'kukuonetsani zotsatira. Mtundu umene tikukambiranawu unabadwira ku Bell Labs, ku Murray Hill m'chigawo cha New Jersey ku America, kumene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kupanga Unix mu 1969. Mnzawo wa pantchito, Douglas McIlroy, anali atalemba kale mu 1964 ganizo loti mapulogalamu azitha kulumikizidwa, zotuluka mu ina zizilowa mwa inzake, ndipo anakhala akuliumirira mpaka mu 1973 pamene Thompson analiika mu Unix. Cholumikiziracho chimatchedwa paipi, ndipo chizindikiro chake ndi kamzere koimirira aka: |. Paipi itabwera, panalibenso chifukwa choti pulogalamu imodzi izidziwa chilichonse. Pulogalamu ya sort, imene inalipo kale mu Unix yoyamba ya 1971, imangosanja mizere. Ya grep, imene Thompson anaitulutsa mu pulogalamu yolembera ya ed, imangosankha mizere imene muli mawu amene mwafuna. Ya cut imadula magawo a mzere, ya uniq imaphatikiza mizere yofanana, ya head imaonetsa yoyambirira, ya wc imawerenga kuti ilipo ingati. Mu 1977 Alfred Aho, Peter Weinberger ndi Brian Kernighan anawonjezera awk, imene imatha kusefa poyang'ana gawo limodzi la mzere n'kuchita masamu. Shell ya bash, imene ambiri a inu mudzakumana nayo pa Linux, anailemba ndi Brian Fox mu 1989. Zambiri mwa zida zimenezi zatha zaka pafupifupi 50 zikugwira ntchito, ndipo lamulo lolembedwa kalekale nthawi zambiri limayendabe lero osasinthidwa.

Tiyerekeze kuti muli ndi fayilo yotchedwa mitengo.csv, ndipo mzere uliwonse uli ndi magawo asanu olekanitsidwa ndi mpatuliro: tsiku, boma, msika, mbewu, ndi mtengo wa kilogalamu imodzi. Mwafunsidwa kuti mupeze pamene chimanga chinadula kwambiri. Mukhoza kulemba chonchi:

grep chimanga mitengo.csv | cut -d, -f3,5 | sort -t, -k2,2nr | head -10

Mzere umenewu umawerengeka kuchokera kumanzere kupita kumanja ngati chiganizo. Tenga mizere imene muli mawu oti chimanga. Pa mzere uliwonse sunga gawo lachitatu ndi lachisanu. Sanja poyang'ana gawo lachiwiri la zotsalazo, monga manambala, kuyambira yaikulu. Onetsa mizere khumi yoyamba. Tsopano taonani chimene chingachitike mukaupereka kwa mnzanu wodziwa ntchito. Akangouyang'ana adzakufunsani ngati mu fayiloyo mulibe mizere ya ufa wa chimanga, chifukwa grep imatenga mzere uliwonse umene mawuwo akupezekamo, ndipo ufa umadula kuposa chimanga chosagaya. Adzakufunsaninso ngati mumafuna misika khumi yosiyana, poti msika umodzi ukhoza kuonekera kasanu pa masiku osiyana. Mafunso awiriwa ndi oona, ndipo loyambalo mudzalikonza posintha grep n'kuikapo awk -F, '$4=="chimanga"', imene imafuna kuti gawo lachinayi likhale mawu amenewo ndendende. Chimene ndikufuna muone n'chakuti mnzanuyo wagwira zolakwika ziwiri asanatsegule n'komwe fayiloyo. Wazigwira chifukwa maganizo anu munawalemba. Mukanangomupatsa mndandanda wa misika khumi umene munaupeza podinadina ndi mausi, akanaulandira ndi manja awiri.

Kusefa ndi kusanja si ntchito zofanana, ndipo kumvetsa kusiyana kwake kumakuthandizani kudziwa chimene chiyenera kuyamba. Pulogalamu ya grep imagwira mzere umodzi, n'kugamula, n'kuupereka kapena kuutaya, n'kupita pa wotsatira. Sifunika kukumbukira zakumbuyo, choncho fayilo ikule bwanji, grep siilephera. Ya sort singatulutse mzere ngakhale umodzi isanawerenge womaliza, chifukwa womalizawo ukhoza kukhala woyenera kukhala pamwamba. Ntchito yake imakulanso mofulumira kuposa chiwerengero cha mizere. N'chifukwa chake odziwa amayamba asefa kenako n'kusanja zochepa zotsalazo. Komabe sort ya GNU, imene ili pa Linux, ili ndi luso limene ambiri salidziwa. Fayilo ikaposa memory ya kompyuta, imaigawa m'zidutswa, n'kusanja chidutswa chilichonse pachokha, n'kuchisunga kaye pa disiki, kenako n'kuziphatikiza zonse. Kompyuta yakale ya mu ofesi ikhoza kusanja mizere mamiliyoni ambiri mwa njira imeneyi. Ndipo popeza uniq imangoyerekeza mzere ndi mnzake woyandikana nawo, iyenera kulandira mizere yosanjidwa kale. Apa ndi pamene panachokera kalembedwe kamene mudzakaona kulikonse, sort kenako uniq -c kenako sort -rn, kutanthauza kuti sonkhanitsa zofanana pamodzi, werenga kuti chilichonse chaoneka kangati, ika chochuluka pamwamba.

Kalembedwe kameneka kanatchuka chifukwa cha zimene zinachitika mu 1986. Jon Bentley, amene ankalemba nkhani za Programming Pearls m'magazini ya Communications of the ACM, anapempha Donald Knuth wa ku Stanford kuti alembe pulogalamu yowerenga nkhani iliyonse n'kutulutsa mawu amene aonekamo kawirikawiri. Knuth analemba pulogalamu ya masamba oposa khumi, yofotokozedwa bwino kwambiri. McIlroy atapemphedwa kuti aiunike, anaiyamikira, kenako anasonyeza kuti ntchito yomweyo imatheka ndi malamulo asanu ndi limodzi olumikizidwa ndi paipi: tr yoika mawu aliwonse pamzere wawo, tr ina yosandutsa zilembo zazikulu kukhala zazing'ono, sort, uniq yowerenga, sort ina ya manambala, ndi sed yodula mndandandawo pamene pafunika. Anthu ambiri amaisimba nkhaniyi ngati kuti Knuth anachititsidwa manyazi. Kumeneko n'kumulakwira, chifukwa iye anapemphedwa kusonyeza njira yake yolembera mapulogalamu oti munthu aziwerenga ngati buku, ndipo anachitadi zimenezo. Ine ndimaona kuti akuluakulu awiriwa ankafuna chinthu chimodzi, kuti munthu wachiwiri athe kutsatira zimene woyamba anachita. Pamene McIlroy anapambana ndi poti njira yake imayesedwa chidutswa chimodzichimodzi. Mukhoza kuimitsa paipi pambuyo pa lamulo lachiwiri n'kuona ndi maso zimene zikudutsa, kenako n'kuwonjezera lachitatu. Chida chilichonse pamenepo chinayesedwa kale ndi anthu ambirimbiri kwa zaka zambiri, choncho chimene chatsala kuti muchikayikire ndi kulumikiza kwanuko.

Kuti tione mtengo wa sefa yosalembedwa, tiyeni tipite ku England m'chaka cha 2020. Pakati pa 25 September ndi 2 October, zotsatira za anthu 15,841 amene anapezeka ndi COVID-19 sizinalowe m'chiwerengero cha boma, ndipo anthu amene anakhudzana nawo sanafufuzidwe pa nthawi yake. Malo oyezera ankatumiza zotsatira m'mafayilo a mizere wamba, mtundu womwe uja wa CSV. Bungwe la Public Health England linkazilowetsa mu Excel pogwiritsa ntchito mtundu wakale wa fayilo wotchedwa XLS, umene umathera pa mizere 65,536. Mizere yopitirira pamenepo inkangosiyidwa. Palibe munthu amene anakhala pansi n'kugamula kuti odwala amenewa asawerengedwe. Sefayo inali yobisika m'chida chenichenicho, ndipo panalibe poti munthu n'kuiwerenga. Ena anati yankho lake ndi kugwiritsa ntchito mtundu watsopano wa XLSX, umene umafika pa mizere 1,048,576. Kutero kumangokankhira malirewo patsogolo. Chimene chikanagwira vutoli pa tsiku loyamba ndi funso losavuta, lakuti kodi mwalowa mizere ingati ndipo mwatuluka ingati. Mu shell funso limeneli ndi wc -l, zilembo zochepa chabe, ndipo likhoza kulembedwa mu ndondomeko yonse kuti ntchito iime manambala awiriwo akasiyana popanda chifukwa.

Nkhani ina ndi ya akatswiri a zachuma a ku Harvard, Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff. Mu 2010 anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti ngongole ya boma ikaposa 90 peresenti ya chuma chonse cha dziko, chumacho chimasiya kukula bwino, ndipo andale a ku Europe ndi ku America ankatchula kafukufukuyu pochepetsa ndalama zimene boma limagwiritsa ntchito. Mu 2013 Thomas Herndon, wophunzira pa University of Massachusetts Amherst, atalephera kupeza manambala ofanana ndi awo, anapempha fayilo yawo ya Excel. Iye pamodzi ndi aphunzitsi ake, Michael Ash ndi Robert Pollin, anapeza kuti powerengera avereji, mizere isanu inasiyidwa kunja, ya Australia, Austria, Belgium, Canada ndi Denmark. Cholakwika chimenechi sichinali chokha, panalinso mkangano wa kawerengedwe ndi wa zaka zina zimene zinasiyidwa, ndipo sindikunena kuti mizere isanuyo ndi imene inasintha zonse. Koma taganizani kuti sefa imeneyi inakhala zaka zitatu kuseri kwa kabokosi kamodzi ka m'tebulo, pamene wowerenga ankangoona yankho. Nawonso akatswiri a za majini anakumana ndi zofanana. Kafukufuku wa mu 2016 m'magazini ya Genome Biology anapeza kuti pafupifupi nkhani imodzi mwa zisanu zilizonse zimene zinali ndi mindandanda ya majini mu Excel inali ndi mayina osandutsidwa kukhala masiku kapena manambala, monga SEPT2 kukhala 2 September. Mu 2020 komiti yotchula mayina a majini a anthu inafika posintha mayina ena kuti Excel isamawasokoneze.

Mayi akamapeta, mankhusu amauluka iye akuona, ndipo akaona kuti mphale ina yagwera pansi amaitola. Sefa ya pa kompyuta imataya zinthu zimene palibe amazionanso, ndipo zotsalazo zimaoneka zoyera bwino ngakhale theka la zofunika litapita. Choncho wosefa ayenera kukhala ndi chizolowezi choyang'ana zimene wataya. Mu shell zimenezi n'zapafupi. Kuwonjezera -v pa grep kumatembenuza sefayo, n'kukuonetsani mizere imene ikanatayidwa. Muiwerenge ndi wc, muone ngati yosungidwa ndi yotayidwa pamodzi ikukwana chiwerengero cha poyamba, kenako muyang'ane yochepa mwa yotayidwayo ndi maso anu. Ndimakhulupirira kuti chizolowezi chimenechi n'chofunika kuposa kuloweza malamulo ambiri.

Wina anganene kuti shell nayonso imalakwitsa mwakachetechete, ndipo akunena zoona. Mukapanda kuuza sort kuti izisanja monga manambala, imayerekeza chilembo ndi chilembo, moti 10 amabwera patsogolo pa 9, ndipo 1200 amaoneka wamng'ono kuposa 850. Mtengo ukalembedwa kuti 1,500 ndi mpatuliro pakati, sort -n m'makonzedwe ena imawerenga 1 yekha n'kuima, ndipo ngati mpatuliro womwewo ndi umene ukulekanitsa magawo, gawo limodzi limasanduka awiri. Kulemba -k2 m'malo mwa -k2,2 kumatanthauza kuti sanja kuyambira gawo lachiwiri mpaka kumapeto kwa mzere, zimene mwina simunafune. Masiku olembedwa tsiku poyamba, kenako mwezi ndi chaka, sasanjika bwino ngati mawu, pamene olembedwa motsatira ISO 8601, monga 2024-03-05, amasanjika okha. Mukafufuza Mwanza ndi grep pofuna boma la Mwanza, mudzatenganso aliyense amene dzina la bambo ake ndi Mwanza, kaya akhale ku Karonga. Pa zonsezi palibe uthenga wochenjeza umene umatuluka. Yankho langa n'lakuti chilichonse mwa zolakwika zimenezi chili ndi malo ake pamzere wolembedwa. Munthu akhoza kuloza ndi chala n'kunena kuti apa pakusowa n, apa pamafunika gawo lachiwiri lokha. Akakonza, amayendetsanso lamulolo ndipo zotsatira zonse zimakonzeka m'kanthawi kochepa, kuphatikizapo za mwezi watha ndi za chaka chatha. Munthu amene anasanja gawo limodzi la tebulo ndi mausi n'kuiwala kusankha magawo ena, mayina n'kusiyana ndi manambala ake, sasiya chizindikiro chilichonse cha zimene anachita, ndipo akasunga fayiloyo, ya poyamba ija yapita.

Pali mbali ina ya kusanja imene imatikhudza ife olemba Chichewa mwachindunji, ndipo ndikufuna tiimepo pang'ono. Palibe ndondomeko imodzi ya zilembo imene kompyuta imabadwa nayo. Pulogalamu ya sort imatsatira makonzedwe a chiyankhulo, otchedwa locale, a kompyuta imene ikuyendapo. M'makonzedwe akale otchedwa C, zilembo zimayerekezedwa potengera manambala ake. Chilembo chachikulu Z ndi 90 pamene chaching'ono a ndi 97, choncho Zomba wolembedwa ndi chilembo chachikulu amabwera patsogolo pa balaka wolembedwa ndi chaching'ono. M'makonzedwe a Chingelezi cha ku America kapena ku Britain ndondomekoyo imasintha. Lamulo limodzi lomwelo likhoza kutulutsa mndandanda wosiyana pa makompyuta awiri, ndipo zida monga join ndi comm, zimene zimayerekeza mafayilo awiri osanjidwa, zimapereka mayankho olakwika ngati mafayilowo anasanjidwa mosiyana. N'chifukwa chake wolemba wosamala amaika LC_ALL=C, kapena makonzedwe ena amene wasankha, poyera m'malamulo ake. Tsopano tengani chilembo ŵ, chimene ena amalemba m'dzina la Malaŵi ndipo ena salemba. Mukafufuza Malawi ndi grep, mizere yonse ya Malaŵi idzasiyidwa. Chilembo chimenechi mu UTF-8 chimatenga ma byte awiri, ndipo m'makonzedwe a C chimagwera kuseri kwa z. Chikhozanso kulembedwa m'njira ziwiri zimene maso sangazisiyanitse, ngati chilembo chimodzi kapena ngati w wotsatiridwa ndi kachizindikiro kapadera. Nkhodolero nayo ili pawiri, yowongoka ya pa kiyibodi ndi yopindika imene Microsoft Word imaikapo yokha, moti pang'ono wolembedwa mu Word ndi pang'ono wolembedwa mu pulogalamu ina akhoza kuwerengedwa ngati mawu awiri osiyana.

Ngakhale paipi yotchuka ya McIlroy ija imapunthwa pa Chichewa. Lamulo lake loyamba limatenga chilichonse chimene si chilembo cha pakati pa A ndi Z ngati malire a mawu. Mukaipatsa nkhani ya Chichewa, ng'ombe imaduka n'kukhala ng ndi ombe, m'mudzi n'kukhala m ndi mudzi, Malaŵi n'kukhala Mala ndi i, ndipo pamndandanda wa mawu mudzapezeka m, n ndi ng. Ena angatenge izi ngati umboni woti zida zimenezi si zathu. Kwa ine ndi umboni wa mfundo imene ndikuitetezayi. Ganizo loti mawu ndi zilembo za Chingelezi zokha lili poyera pa lamulo loyambalo, ndipo aliyense wodziwa Chichewa akhoza kuliona n'kulikonza, poyamba wafananitsa nkhodolero ziwirizo ndi sed kenako n'kuwonjezera nkhodoleroyo pa gulu la zilembo. Ayenera kudziwanso kuti tr ya GNU imagwira byte imodziimodzi, choncho ŵ ayenera kumusamalira ndi chida china monga sed kapena grep. Pulogalamu yodinadina imene ili ndi ganizo lomwelo m'kati mwake idzakupatsani chiwerengero cha mawu cholakwika, ndipo simudzakhala ndi podziwira kapena pokonzera.

Chotsutsa chachiwiri n'champhamvu kwambiri, ndipo chimachokera kwa akatswiri enieni. Iwo amati kudutsitsa mizere ya mawu wamba mu paipi ndi njira yosalimba, chifukwa chida chilichonse chimayenera kungoganizira chokha pamene gawo layambira ndi pamene lathera. Chikalata cha RFC 4180 cha mu 2005, chimene chimafotokoza CSV, chimalola kuti gawo likhale ndi mpatuliro m'kati mwake, ngakhale mzere watsopano, bola likhale m'mitengero. Pulogalamu ya cut sidziwa za mitengero, imangodula pa mpatuliro uliwonse. Jeffrey Snover wa ku Microsoft anafotokoza njira ina mu 2002 m'chikalata chotchedwa Monad Manifesto, ndipo zotsatira zake zinali PowerShell, imene inatuluka mu 2006 n'kufika pa Linux ndi macOS mu 2016. Mu PowerShell, chimene chimadutsa mu paipi ndi chinthu chokhala ndi magawo a mayina. Mumalemba Where-Object mbewu -eq chimanga, kenako Sort-Object mtengo, osawerenganso kuti gawo lachinayi ndi liti. Ndikuvomereza kuti pa deta ya magawo ambiri njira imeneyi ndi yabwino ndiponso yowerengeka kuposa cut. Ku mbali ya Unix nakonso kunabwera zida za maganizo omwewo, monga jq ya Stephen Dolan yogwira JSON ndi Miller ya John Kerl yogwira CSV potchula mayina a magawo. Koma chotsutsachi chikutsutsa chida chimodzi, sichikutsutsa kulemba. Mzere wa PowerShell nawo ndi wolembedwa, umawerengeka ndipo umabwerezeka. Misampha nayo ilimo. Import-Csv imatenga gawo lililonse ngati mawu, choncho Sort-Object mtengo idzaikanso 10 patsogolo pa 9 pokhapokha mutaiuza kuti mtengowo ndi nambala. Ndiponso -eq sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, pamene grep imasiyanitsa. Wosamuka kuchoka ku chida china kupita ku chinzake ayenera kufunsa mafunso omwe aja.

Chotsutsa chachitatu ndimachimva kawirikawiri kwa aphunzitsi ndi oyang'anira maofesi. Amati sikirini yakuda ndi malamulo achidule a Chingelezi zimaopseza anthu, ndipo chinthu cholembedwa chimene anthu ambiri sangachiwerenge sichinganenedwe kuti chili poyera. Pali choona pamenepa. Tebulo la Excel kapena LibreOffice ndi labwino polowetsa deta, poyang'ana mizere yochepa, ndi posonyeza anthu zotsatira, ndipo sindikuuza aliyense kuti alitaye. Koma tisakulitse phirili. Zida zimene ndatchula pa ntchito ya kusanja ndi kusefa n'zochepa, ndipo chilichonse chili ndi zosankha zitatu kapena zinayi zimene zimagwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Munthu amene anaphunzira VLOOKUP waphunzira kale chinthu chovuta kuposa sort. Komanso sipafunika kuti aliyense mu ofesi adziwe kuwerenga malamulowa. Chofunika n'chakuti pakhale munthu wachiwiri wotha kutero, monga momwe mabuku a ndalama amalembedwera kuti wowaunika wodziwa athe kuwatsata ngakhale ena onse sangathe. Ndipo mu fayilo ya malamulo, mzere uliwonse woyamba ndi chizindikiro cha # ndi ndemanga imene kompyuta siiwerenga. Pamenepo mukhoza kulemba m'Chichewa chomveka kuti apa tikuchotsa ufa chifukwa funso ndi la chimanga chosagaya, ndipo mkulu wa ofesi amene sadziwa awk adzawerenga chigamulocho n'kuvomereza kapena kukana. Zida zimenezi n'zaulere, sizifuna intaneti, ndipo zimayenda pa kompyuta imene mapulogalamu atsopano anaikana kale.

Masiku ano enanso akuti kuphunzira zimenezi n'kutaya nthawi, poti ChatGPT ndi mapulogalamu ena otere amalemba lamulo lililonse mukawapempha. Amalembadi, ndipo ndi bwino kuti chimene amakupatsani ndi mzere wolembedwa umene mungausunge. Koma pulogalamu yotere sinaone fayilo yanu yonse. Sidziwa kuti m'gawo la mbewu muli ufa, kapena kuti kalaliki wina amalemba mitengo ndi mpatuliro. Pamene kulemba kwaphweka, luso lowerenga lamulo ndi kulikayikira lakhala lofunika kuposa kale.

Kuti zimene ndanenazi zichitikedi, malamulo asamathere pa sikirini. Alembedwe mu fayilo, isungidwe pamodzi ndi deta yake, ndipo deta ya poyambayo isakhudzidwe, zotsatira zizilembedwa mu fayilo ina. Chenjerani ndi kulemba sort mitengo.csv > mitengo.csv, chifukwa shell imayamba yatsegula fayilo yolembamo n'kuifufuta zonse sort isanawerenge kanthu, ndipo mudzatsala ndi fayilo yopanda mzere ndi umodzi womwe. Dziwaninso kuti paipi imaweruzidwa kuti yayenda bwino potengera lamulo lomaliza lokha, moti loyamba likhoza kulephera kupeza fayilo pamene head kumapeto ikunena kuti zonse zili bwino. Mu bash, kulemba set -o pipefail pamwamba pa fayilo ya malamulo kumatseka mpata umenewu. Ntchito ikakula n'kufika pophatikiza matebulo atatu kapena anayi, ndi nthawi yosamukira ku SQL kapena ku Python, kumene zigamulo zimalembedwanso chimodzimodzi. Ndipo musanasefe gawo lililonse, yambani mwaona zimene zilimo. Pa fayilo yathu ija, cut -d, -f2 mitengo.csv | sort | uniq -c idzakuonetsani maboma onse ndi kuchuluka kwa mizere ya lililonse. Dziko la Malawi lili ndi maboma 28. Mukaona mizere 35, ndiye kuti kupatula mzere wa mitu ya magawo, wina analemba Nkhota Kota pamene mnzake analemba Nkhotakota, wina Ncheu m'malo mwa Ntcheu, wina anasiya kampata kumapeto kwa Dowa. Kalembedwe kalikonse kosiyanako ndi gulu la mizere limene sefa yanu ikanalisiya kunja, ndipo nambala imene uniq yaika kumanzere kwake ikukuuzani kuti mizereyo ikanakhala ingati.